Mphaka wanga wasiya beseni lake la mchenga, akukodzera pabedi ndi pakhomo

NaBanda, Mabelreign

Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za amphaka. Ndili ndi mphaka wamphongo wa zaka 3, wofula kale. Mwezi wa Okutobala tinasamuka ku Mufakose kudzakhala mu koteji ya kuseri kwa nyumba ya eni ake kuno ku Mabelreign, mu Harare momwemuno. Ku Mufakose ankadzithandizira m'beseni lake popanda vuto. Kuno wayamba kukodzera pabedi ndi pa chopondera cha pakhomo, ndipo nthawi zina ndimapeza chimbudzi pambali penipeni pa beseni, osati m'kati. Masana amabisala pansi pa bedi, amatuluka usiku. Pabwalo pali agalu awiri a eni nyumba, komanso pali mphaka wina wakuda amene amadzakhala pazenera. Beseni lili m'khitchini pafupi ndi chitseko chakuseri, ndipo chakudya ndi madzi ake zili pomwepo. Mchenga ndimagula wonunkhira uja. Pokolopa ndimathira Jik, pena Pine Gel. Amadya zouma zokhazokha. Ena akuti ndim'khwekhweze mphuno mumkodzomo kuti aleke, ena akuti ndim'patse theka la Panado poti mwina akumva kuwawa. Kodi ndiyambire pati?

aPhiri, Avondale

Mayi NaBanda, ndiyambe ndi Panado, chifukwa ameneyo angaphe mphaka wanu lero lomwe. Musam'patse ngakhale kachibenthu. Chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya paracetamol, mankhwala a mu Panado, monga chimachitira cha munthu. Mankhwalawo amawononga magazi mpaka kulephera kunyamula mpweya, nkhama zimasanduka zofiirira, nkhope ndi mapazi zimatupa, ndipo piritsi limodzi la 500 mg ndi lokwanira kumupha. Brufen nayenso ayi. Mankhwala alionse a anthu asalowe m'kamwa mwake dokotala wa ziweto asananene.

Mphaka akasiya beseni, poyamba timaganizira matenda, za nkhawa zimabwera pambuyo. Koma kwa amphaka ziwirizi nthawi zambiri zimayendera limodzi. Pali vuto limene madokotala amalitcha feline idiopathic cystitis, kutupa kwa chikhodzodzo kopanda tizilombo ndi miyala, kumene kumabuka mphaka akakhala ndi mantha nthawi yaitali. Mwa amphaka osakwana zaka 10 amene akuvutika ndi mkodzo, limeneli ndilo limapezeka kwambiri. Kusamuka, agalu, mphaka wachilendo pazenera, kudya zouma zokha, zonse mwatchulazi ndi zimene zimaliputa. Pokodza amamva kuotcha, ndiye m'mutu mwake amati beseni ndilo likum'pweteka. Basi amakafuna pena pofewa, pamene pali fungo la mwini wake, ndipo bedi lanu ndi malo otero.

Poti ndi wamphongo, usiku uno mumuonetsetse. Njira ya mkodzo ya mphongo ndi yaitali komanso yopapatiza, imatha kutsekeka ndi timchenga ta m'chikhodzodzo tosakanikirana ndi zonanda. Ngati akunjuta pafupipafupi koma kukungotuluka timadontho kapena osatuluka kanthu, akulira pokodza, akunyambita kumaliseche kosalekeza, akusanza, wasiya kudya, kapena kumunsi kwa mimba kuli kolimba gwa ndipo akukana kukhudzidwa, musadikire kuti kuche. Mkodzo ukatsekeka impso zimaima, potassium amachuluka m'magazi n'kusokoneza mtima, ndipo mphaka amatha kufa pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu. Anthu ambiri akaona kukankhako amati wadzimbidwa, n'kutaya tsiku lonse akum'patsa mafuta. Musam'finye pamimba pofuna kuthandiza, chikhodzodzo chodzadza chimatha kuphulika.

Ngati mkodzo ukutuluka wambiri ndithu, si za usiku uno, komabe mupite naye sabata lino. Kupatula madokotala apadera a m'tauni muno, bungwe loteteza nyama la SPCA limaona ziweto, ndipo ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kuli chipatala cha ziweto. Mukatha kutenga mkodzo mupulumutsa nthawi. Tsukani beseni ndi madzi okhaokha, liume, muikemo tizidutswa ta pepala lapulasitiki loyera m'malo mwa mchenga, ndipo akakodza mukoke ndi sirinji yatsopano. Mamililita 5 akwana. Ufike kwa dokotala pasanathe maola 2, chifukwa mkodzo wokhalitsa umapanga timiyala timene munalibe m'thupi ndipo zotsatira zake zimasocheretsa.

Zokhwekhweza mphunozo zisiyeni. Mphaka sagwirizanitsa chilango ndi mkodzo wa ola lapitalo. Chimene amaphunzira n'chakuti manja anu ndi oopsa, ndiye pa agalu ndi mphaka wa pazenera mwaonjezerapo mdani wachitatu, wokhala naye m'nyumba momwemo.

NaNgozo, Highfield

Achemwali, zimene anena aPhiri zichitike kaye. Ine ndikambe za beseni, chifukwa mmene mwafotokozeramu, ngakhale mphaka wabwinobwino akanalikana.

Pamene mwaliika ndi poipa kawiri. Chitseko chakuseri ndi pamene agalu amadzanunkhiza, ndipo mphaka akanjuta ndi nthawi imene sangathe kudziteteza. Sangadzithandize akumva mphuno ya galu ikufwenkha kunsi kwa chitseko. Komanso mphaka sakonda kudzithandiza pafupi ndi pamene amadyera, ndiye mbale zake zichoke pamenepo, zikhale kutali ndi beseni, m'chipinda china ngati n'kotheka.

Mabeseni akhale awiri. Kawerengedwe kake n'kakuti amphaka amene muli nawo, kuonjezapo limodzi. Awiriwo asakhale moyandikana, chifukwa kwa mphaka ogundizana ndi limodzi, ndipo chimene chikumuopsa pa lina chimuopsanso pa linalo. Limodzi muike m'chipinda chogona momwemo, mmene amabisala. Ndikudziwa kuti ambiri safuna beseni kuchipinda, koma taganizani, mphaka amene akuopa kutuluka pansi pa bedi mukum'pempha kuti adutse nyumba yonse mpaka kumene kuli agalu. Bedi lili pafupi, amasankha bedi. Zinthu zikakhazikika mudzalisuntha pang'onopang'ono, masentimita ochepa patsiku, kulowera kumene mukufuna. Linalo pezani pangodya pabata, pamene akakhala akuona khomo ndipo ali ndi kothawira. Pewani pafupi ndi firiji kapena inverter. Magetsi akamabwera mwadzidzidzi firiji imalira mphaka ali m'kati mwa beseni, ndipo kudzidzimuka kamodzi n'kokwanira kuti asabwererekonso. Beseni lokhala ndi denga lisiyeni kaye, limasunga fungo ndipo limam'bisira amene akubwera.

Chimbudzi chopezeka pambali penipeni pa beseni chimanena zambiri. Mphakayo akudziwa malo ake ndipo wayenda mpaka kufika, koma china chake pa besenilo chikum'bweza. Kawirikawiri ndi kuchepa, uve, kapena fungo la mchenga. Muyezeni kuchokera pamphuno mpaka patsinde la mchira, ndipo beseni litalike kamodzi ndi theka kuyerekeza ndi muyezo umenewo. Mphaka wa masentimita 45 afunika beseni la pafupifupi masentimita 65 mpaka 70. Tambiri ta m'sitolo ndi tating'ono, amalowa koma sangatembenuke, ndiye matako amatulukira kunja. Bafa lapulasitiki losambitsira mwana kapena bokosi lalikulu lapulasitiki losungira katundu zimachita bwino ndipo n'zotsika mtengo. Ngati m'mbali ndi mwamutali, dulani polowera kuti patsale masentimita 10 mpaka 12, ndipo musalaze podulidwapo. Muuzeninso dokotala za chimbudzicho, chifukwa kudzimbidwa kapena njoka za m'mimba nazo zimachititsa zomwezo.

Mchenga wonunkhira anaupangira mphuno za anthu. Kwa mphaka fungolo ndi lamphamvu kwambiri. Amphaka ambiri amakonda wosalala, wa timibulu ting'onoting'ono, wopanda fungo, wozama masentimita 4 mpaka 5 kuti athe kukumba ndi kukwirira. Ndikufunseni, ku Mufakose munkathira mchenga wanji? Ngati unali wina, bwererani ku womwewo. Ngati mukufuna kudziwa chimene iye amakonda, kwa sabata imodzi yokha ikani mabeseni awiri moyandikana, lililonse ndi mchenga wake, muone limene akulowa, kenako muwasiyanitse.

Wolani chimbudzi ndi ponyowa m'mawa ndi madzulo. Mchenga woumbika uja, umene umagwirana ukanyowa, mumangoonjezera ndipo mumakhuthula wonse pakatha masabata 2 mpaka 4. Wosaumbika, sabata iliyonse. Potsuka, madzi otentha ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, mutsukuluze bwino, liume. Ngakhale masiku a vuto la madzi, malita 2 akwana. Musayale pepala lapulasitiki pansi pa mchenga, zikhadabo zimakodwa. Ngati m'nyumbamo muli mayi woyembekezera, ntchito yowolayi agwire wina chifukwa cha toxoplasmosis, matenda amene angavulaze mwana wa m'mimba. Tizilombo take m'chimbudzi timayamba kupatsira pakatha tsiku limodzi kapena kuposera, choncho kuwola tsiku ndi tsiku kumatetezanso anthu.

NaBanda, Mabelreign

Zikomo kwambiri aPhiri ndi inu achemwali. Panado sindinam'patse. Ndapita naye kwa dokotala, wapeza magazi pang'ono mumkodzo koma miyala ndi tizilombo palibe, ndipo wam'patsa mankhwala ochepetsa ululu. Ku Mufakose tinkathira mchenga wa kumtsinje, wogulawu ndinayamba kuno. Lero ndaonanso timizere ta mkodzo pa nsalu ya pazenera lija, m'mwamba pang'ono, kutsikira pansi. Nanga fungo la pa matiresi, ndachapa koma silikutha. Ndichite bwanji?

aMwale, Dzivarasekwa

Mayi, timizere ta pa nsaluto ndi nkhani ina, yosiyana ndi ya pabedi. Pabedi amanjuta n'kukhuthula chikhodzodzo chonse. Pazenera amaimirira chafutambuyo, mchira uli njo ukunjenjemera, miyendo yakumbuyo ikupondaponda, n'kupopera pang'ono pakhoma kapena pansalu. Kumeneko ndi kuika chizindikiro cha malire, ndipo akulankhula ndi mphaka wakuda uja. Kufula kumaletsa khalidweli mwa amphongo ambiri, koma pafupifupi mmodzi mwa 10 amapitirizabe, makamaka akaona kuti malo ake akulandidwa. Beseni labwino lokha silithetsa zimenezi. Matani nyuzipepala kapena pepala losaonekera kumunsi kwa galasi kuti asaonane. Zenera limenelo likhale lotseka, chifukwa mphaka amadutsa pakati pa zitsulo mosavuta. Panja pasakhale mbale ya chakudya kapena zotsala, ndipo tsukani khoma ndi chitseko kunja kwake, poti n'kutheka kuti mlendoyo akupoperanso kumeneko ndipo fungo likulowa.

Tsopano za kutsuka. Jik ndi Pine Gel achotseni pa ntchito imeneyi. Mkodzo wokhalitsa umatulutsa ammonia, ndipo Jik akakumana ndi ammonia amapanga mpweya woipa m'chifuwa. Amphaka ena fungo la Jik limawakopa, amabwerera n'kudzagubuduka pomwepo. Mankhwala a mafuta a paini, Dettol ndi Jeyes Fluid ndi poizoni kwa amphaka. Amaponda ponyowa, kenako amanyambita mapazi, chiwindi n'kuvulala. Alionse amene mukathira m'madzi madziwo amasanduka a mbuu, akayikireni. Otsukira okhala ndi ammonia nawonso ayi, chifukwa kwa mphaka amanunkha mkodzo wa mnzake ndipo amafuna kuthira wake pamwamba.

Chimene chimagwira ntchito ndi sopo wa ufa wochapira zovala amene papaketi palembedwa kuti ali ndi ma enzyme, chifukwa ma enzyme amaphwanya zotsalira za mkodzo m'malo mongozikwirira. Poyamba psinjani ndi sanza kapena nyuzipepala kuti mkodzo ukwere, osapukuta chokhecha chifukwa mumangoufalitsa. Sungunulani sopo gawo limodzi m'magawo 9 a madzi ofunda, osati owira. Nyowetsani malo okulirapo kuposa banga limene mukuliona, musiye mphindi 10 mpaka 15, mutsukuluze ndi madzi ozizira, paume gwa. Pakauma poperani surgical spirit wa ku famasi, osati wa mtundu wa papo uja chifukwa amathimbirira, ndipo mphaka asafikepo mpaka paumenso. Yesani kaye pakona pobisika kuti muone ngati mtundu wa nsalu sukusuluka. Mukagula mankhwala apadera a ma enzyme a m'masitolo a ziweto, musawasakanize ndi Jik kapena sipiriti, zimapha ma enzymewo.

Pa matiresi chimene chimalepheretsa anthu n'chakuti amatsuka pamwamba pokha, pamene mkodzo unalowa mpaka m'kati mwa siponji. Madzi a sopowo alowe mpaka pamene mkodzo unafika. Pondani ndi thaulo louma kangapo, tsukuluzani, pondaninso, waziranipo soda wambiri agone usiku, m'mawa musase, kenako padzuwa mbali zonse ziwiri. Nyengo ya mvula ino zitha kutenga masiku angapo, koma musayale akadali a chinyezi, fungo limabwerera. Akauma muwaveke chikuto chapulasitiki. Chopondera cha pakhomo ingotayani, ndipo musaike china kwa mwezi. Pamene chinali, mukatsuka, ikanipo kambale ka chakudya chouma pang'ono ngati agalu sakufikapo, chifukwa pamene amadyera sakonda kuipitsapo. Maganizo anga, chitseko cha kuchipinda chizikhala chotseka masana mpaka chizolowezi cha pabedi chitaiwalika.

NaNkhoma, Kambuzuma

Za kutsuka aMwale afotokoza bwino, koma za kutseka chitseko ndikusiyana nawo. Pansi pa bedi ndi pokhapo pamene mphakayu akumva kuti ndi wotetezeka m'nyumba yonseyo. Mukam'tsekera kunja, bedi lipulumuka koma mantha akula, ndipo chikhodzodzo chotupa chifukwa cha mantha chitupiratupira. Kuli bwino kuchita mosemphana. Chipindacho chikhale chake kwa sabata imodzi kapena ziwiri, beseni pangodya ina, chakudya pangodya yakutali, madzi pena. Masana kutani bedi lonse ndi pulasitiki wamkulu, chifukwa poterera ndi pamene mkodzo ukudikha n'kum'nyowetsa mapazi sapafuna. Akayamba kulowa m'beseni tsiku lililonse, tsegulani chitseko azituluka yekha, osam'nyamula.

M'nyumba monse mum'pangire pobisala ndi pokwera. Katoni yoboola mbali ziwiri, muli chovala chanu chakale chosachapa, ndi yokwanira. Pamwamba pa wadilopu kapena pashelefu pakhale kabulangeti ndi njira yokwerera, chifukwa mphaka wamantha akakhala pamwamba mtima umakhala pansi. Akabisala musam'kokemo, ngakhale pofuna kum'sisita. Tengani kansalu kofewa, mum'pukute pamasaya akakhala phee, kenako mupake pamakona a mipando ndi pamafelemu a zitseko pa msinkhu wa mutu wake, tsiku lililonse. Pamasaya pali fungo limene amapaka pa zinthu zimene wazilandira ngati zake, ndipo nyumba yatsopanoyi sinakhale nalo. Zogonera zake musachape zonse tsiku limodzi.

Nthawi ya chakudya isasinthesinthe. Musanam'patse chakudya, sewerani naye mphindi 10 ndi kansanza komangirira ku chingwe pandodo, m'mawa ndi madzulo, ndipo pomaliza mum'lole agwire. Chingwecho mukatha muchibise, akameza chimapota matumbo. Eni nyumba muwapemphe mwaulemu kuti agalu asamagone pakhomo panu, kapena mutchinge kakhonde ndi waya. Mabingu a miyezi ino ndi makombola a pa Chaka Chatsopano nazo zidzam'dzidzimutsa, ndiye madzulo amenewo tsekani nsalu za mazenera msanga ndipo wailesi izilira chapansipansi.

Pali Feliway Classic, wotsanzira fungo la pamasaya lija. Wolumikiza kumagetsi botolo limodzi limatha pafupifupi masiku 30 ndipo limakwanira malo a masikweya mita 70, koma limagwira ntchito pokhapokha magetsi akuyaka, ndiye ndi kuzimazima kwa kuno wopopera ndiye wodalirika. Mumapopera pa zinthu, osati pa mphaka, n'kudikira mphindi 15 asanafikepo. Amphaka ena amawathandiza, ena ayi. Ngati ndalama ndi zochepa, yambani ndi beseni lachiwiri ndi chakudya chonyowa.

Pa madzi ndi pamene ndikufuna mulimbikire. Mphaka amafuna pafupifupi mamililita 50 pa kilogalamu iliyonse patsiku, kuphatikiza a m'chakudya, ndiye wa makilogalamu 4 ndi mamililita 200. Chakudya chouma chili ndi madzi pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse, chonyowa cha m'mapaketi ndi m'zitini magawo 75 mpaka 80. Mkodzo wochepa ndi wamphamvu umaotcha chikhodzodzo chotupa kale, pamene wambiri wosungunuka umachitsuka. Yambani kum'patsa chonyowa pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kuti asatsekule m'mimba. Ngati chikudula, thirani masupuni aakulu 2 kapena 3 a madzi ofunda m'chouma, koma chotsala mutaye pakatha ola, kutenthaku chimasasa msanga. Mbale za madzi zikhale zotakata, m'malo awiri kapena atatu, kutali ndi beseni, zosintha tsiku lililonse. Msuzi wa nkhuku yowiritsa m'madzi okhaokha umam'kopa kumwa, koma musakhale mchere, anyezi kapena adyo, chifukwa anyezi ndi adyo amawononga magazi a mphaka. Kapenta wouma ali ndi mchere wambiri, asakhale chakudya chake cha tsiku ndi tsiku. Mkaka sulowa m'malo mwa madzi, amphaka aakulu ambiri umawatsegula m'mimba.

aPhiri, Avondale

Mwachita bwino kupita naye, mayi. Poti tizilombo palibe, musadabwe kuti sanam'patse ma antibiotic, pa vutoli sathandiza. Kutupa kumeneku nthawi zambiri kumatsika pakatha masiku 5 mpaka 7, koma kumakonda kubwerera, ndipo ukabwerera mwa wamphongo ngozi ya kutsekeka ija imakhalapobe.

Pa mchenga, bwererani ku wa kumtsinje poti ndi umene anazolowera, koma musakatape pamulu umene agalu ndi amphaka a m'dera amadzithandizirapo. Mumakhala mazira a njoka za m'mimba ndi utitiri, ndipo mazira a njokazo dzuwa lokha siliwapha. Gulani river sand kwa ogulitsa zomangira, osati pit sand amene ali ndi dothi ndipo amasanduka matope akanyowa. Sefani kuchotsa miyala, muukazinge pa lata lakale pamoto mpaka utenthe wonse, uzizire, musunge m'chidebe chotseka. Mchenga umenewu sumeza fungo, ndiye muzikhuthula wonse pakatha masiku 2 kapena 3. Mankhwala a njoka azilandira miyezi 3 iliyonse.

M'beseni lachiwiri ndikanakonda muike woumbika wopanda fungo, ngati angaulandire, chifukwa umakuonetsani mmene akukodzera. Mphaka wabwino amasiya mibulu 2 mpaka 4 patsiku, yaikulu bwino. Timibulu tambirimbiri ting'onoting'ono ndiye kuti kutupa kwabwerera. Tsiku lathunthu osapeza ponyowa paliponse, m'beseni kapena kunja, thamangani naye. Pakalendala muzilemba tsiku, malo, ngati ananjuta kapena anapopera, ndi chimene chinachitika tsikulo, kaya alendo, bingu kapena mphaka wakuda uja. Mukachita zonsezi kwa masabata 4 mpaka 6 koma kupopera osachepa, bwererani kwa dokotala ndi kalendalayo. Pali mankhwala a nkhawa monga fluoxetine ndi clomipramine amene angalembe molingana ndi kulemera kwa mphaka. Amatenga masabata 4 mpaka 8 kuti mphamvu yake ioneke yonse, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono dokotala akuyang'anira, osati kungodula tsiku limodzi.